Galasi la aHakimu

Gulu: nsomba pa lirangwe
Bushra, Connie, Twahir

Loweruka 25 March

10:12 Connie: sopo ayi aBushra pls. madzi okha. sopo akatsalira mgalasimo nsomba sizichedwa kufa

10:13 Bushra: ndatsuka kale ndi sopo kawiri 🙈

10:13 Connie: kkkk chabwino tsukuluzani kasanu nde muliyanike

10:16 Bushra: ndawalowetsa achimwene anga aTwahir mgulu muno. ndi amene azidzatenga zinthu kwanu ku chileka pa njinga yamoto, ine sindikutuluka

10:17 Bushra: achimwene awa ndi aConnie, amagwira ntchito ndi malemu amuna anga ku cargo ku airport. zoweta nsombazi aHakimu anaonera kwa iwowa

10:31 Twahir: muli bwnj aConnie. ine ndagulitsa usipa pamsika pano zaka 14, sindinaonepo munthu akuweta nsomba yoti sadzadya

10:32 Connie: ndili bho kaya inu. chaka chino muona kkk

10:33 Connie: kma aBushra pepani kufunsa, simukutuluka mukudwala?

10:40 Bushra: ayi ndili pa eda. kwathu ku chisilamu mwamuna akamwalira mkazi amakhala pakhomo miyezi inayi ndi masiku khumi. yanga ikutha pa 18 may

10:41 Twahir: ndipo pa 18 pomwepo ndikubwera ndi galimoto. akubwerera kwa amayi kwa mdeka. tinagwirizana

10:41 Bushra: munagwirizana nokhanokha

10:44 Twahir: chemwali sungakhale wekha mnyumba imeneyo. sukudya, manja akusupuka ndi kuchapachapa. chikusunge pamenepo nchani, galasi lopanda kanthu?

10:52 Bushra: likakhala ndi kanthu?

10:53 Twahir: eeh?

10:55 Bushra: pa 18 mukadzapeza nsomba zamoyo zikusambira mgalasi la aHakimu, galimotoyo ibwerere yopanda katundu. mukapeza mulibe, ndikwera osalankhula

11:20 Twahir: aConnie mwakhala mboni

11:21 Connie: ine ndimangofuna kuthandiza za mchenga abale 😭

Lolemba 27 March

07:48 Connie: tiyambe. tebulo likhale lolimba, galasilo likadzadza likulemera kuposa thumba la chimanga. pansi pake muyale kafomu koyera kaja ka mmakatoni a tv

07:49 Connie: lisayang'ane dzuwa la masana, madzi amabiriwira

07:55 Bushra: ndaika pa tebulo lodyera. likugwedera pang'ono, ndapisa kapepala pansi pa mwendo

09:30 Twahir: mchenga ndatenga kumtsinje. anthu andiona ndikukumba ndi mbale akundifunsa ngati ndikumangira nyerere

09:34 Connie: kkkkk. aBushra muutsuke mndowa mpaka madzi aziyera. mukauyala mgalasi ikani mbale pamwamba, muzithira madzi pambalepo kuti asavunduke

09:36 Bushra: madzi ake a pa mjigo? aneba ndi amene akunditungira

09:40 Connie: a pa mjigo ali bho. akanakhala a pa mpopi akanayamba agona mndowa masiku awiri kuti kolorini atuluke. kolorini ndi nsomba sizionana

12:15 Bushra: ok

15:42 Bushra: 🎤 1:10
aConnie ndathira ndowa yachitatu, ladzadza. ndangokhala pansi ndikuliyang'ana. mukudziwa, tsiku lija anatsegula bokosi la nsomba ku cargo kwanuko kuti aliyendere, aHakimu anafika kuno ngati munthu wolota ali maso. akuti Bushra, ndaona nsomba ya buluu ngati moto wa gasi, ikungoyandama mujumbo, ilibe kothamangira. chakudya chinazizira iwo akufotokozabe. galasili anabwera nalo december, analiika pansi pa bedi mkatoni yake, akuti mvula ithe kaye ndikakhometse tebulo lolimba kwa kalipentala. akuti anzathu azionera tv, ife tiziyala mkeka apa nkumaonera nsomba mpaka tikalambe. january kolera inawatenga. mvula ndi iyi ikuthayi

15:58 Connie: ankatisowetsa mtendere mu ofesi ndi mafunso. kodi zimagona? kodi zimamudziwa mwini wake?

16:01 Bushra: nanga zimagona?

16:01 Connie: zimagona maso ali gwa

16:03 Bushra: nde tikafanana

Lachitatu 29 March

11:05 Twahir: ndasiya kapampu, siponji yatsopano ndi maudzu a mmadzi aja. aConnie mpaka udzu kuukweza njinga kuchokera ku chileka?

11:20 Bushra: ndalumikiza. thovu likukwera timizeremizere. nsomba zibwera liti

11:26 Connie: masabata atatu kapena anayi. madzi akhwime kaye

11:27 Twahir: madzi amakhwima ngati dzungu?

11:31 Connie: 🎤 0:38
mverani aTwahir inu. nsomba zimachita chimbudzi mmadzi momwemo, eti. nde mumayenera kukhala tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso, timamanga mudzi musiponjimo ndi mumchenga, nkumadya zoipazo. tikapanda kukhalamo nsomba zimafa ndi zoipa zake zomwe. nde aBushra muzithira kachakudya kochepa ngati muli nsomba kale, tizilomboto tiziswana. pamwamba vindikirani ndi neti udzudzu usaikire mazira

11:33 Twahir: ine ndasala, ramadhani ino mutu uli waa, nde ndikumva zoti tizidyetsa nsomba zoti kulibe

11:50 Bushra: tizilombo. mmadzi. mnyumba mwanga

11:51 Connie: tabwino aBushra. sitidwalitsa munthu

11:52 Connie: aBushra?

Lachinayi 6 April

06:20 Bushra: madzi achita mbuu ngati otsukira mpunga. awonongeka?

06:44 Connie: ayi ndi bwino kwambiri!! tizilombo tayamba kuswana. musakhudze, ayera okha pakatha masiku

Lachisanu 7 April

08:02 Bushra: ayera

08:30 Connie: msanga chonchi?

08:31 Bushra: eya mbee

08:33 Connie: mmm muli ndi dzanja labwino inu kkk

16:37 Bushra: 🎤 0:52
nthawi ngati ino dzuwa likapendeka limalowa pang'ono pa zenera la kuseri, likagunda galasi kuwala kumakwera mmalata nkumavina. munthu ukasala tsiku lonse pakamwa pauma, nde ndimangogona pansi nkumayang'ana mmwamba, nyumba yonse ngati ili pansi pa madzi. sitima ikamadutsa madzi amanjenjemera, mmalatamo nanunso mumanjenjemera. dzulo ndinatsinzina ndinaona nsomba ija ya buluu ikudutsa pakati pa mapaso, pang'onopang'ono, kulowera kuchipinda. ndinatsala pang'ono kuitana kuti bwerani mudzaone

16:50 Connie: ❤️

17:12 Twahir: umasule ndi chakudya chenicheni lero chemwali, osati tiyi yekha

Lachiwiri 18 April

09:15 Bushra: [chithunzi: maudzu a mgalasi, masamba atayezuka]

09:16 Bushra: akufota

09:40 Connie: mwina akuzolowera madzi a kwanuko. chotsani ofotawo. ikadutsa idi ndikutumizirani ma guppy 6, tinsomba tolimba toyambira

09:41 Connie: ya buluu ya aHakimu ija imafuna galasi lalikulu, idzabwera mtsogolo

Lolemba 24 April

10:05 Twahir: ndanyamuka. jumbo ya nsomba ili mndowa, ndowa ili pamimba. ndikuyenda ngati ndanyamula mkwatibwi

10:48 Twahir: pa lunzu wa njinga yakapalasa wandipitirira wandiimbira belu. ulemu wanga wathera pamenepo

11:30 Connie: aBushra musatsegule kaye. jumboyo iyandame mgalasi 20 mins zizolowere kutentha, kenako muzithiramo madzi a mgalasi pang'onopang'ono nde muzitulutse

12:10 Bushra: zatuluka

12:11 Bushra: aConnie zatuluka!!

12:14 Bushra: ina mchira wake wa olenji ukupepeluka ngati mpango. ina yaima pagalasi ikundiyang'ana. alhamdulillah

12:15 Twahir: zonse 6 sizingakwane ndiwo za mphaka. kma nzokongola, ndavomera

14:52 Bushra: zikukhala pamwamba zikuyasamula. ndi mmene zimachitira?

14:55 Connie: ayi. pampu ikuyenda?

14:55 Bushra: ikuyenda

14:56 Connie: mwapopera mankhwala a udzudzu mnyumbamo? mmanja munali mafuta odzola?

14:58 Bushra: ayi

15:20 Bushra: ziwiri zagona pa mchenga

15:21 Connie: sinthani theka la madzi pompano, a pa mjigo osathira kanthu

15:40 Connie: mwasintha?

16:25 Connie: aBushra ndikuimba simukuyankha

17:03 Connie: aTwahir muli pafupi?

17:41 Twahir: ndafika. zonse zafa. wadzitsekera kuchipinda

17:49 Twahir: aConnie ine za nsomba zamoyo sindidziwa kma mphuno ndili nayo. galasili likununkha ngati kuchipatala

Lachiwiri 25 April

07:10 Connie: mwadzuka bwnj aBushra

13:30 Connie: sindinakwiye ngakhale pang'ono. ma guppy kwanga akuswana ngati mbewa

Lachitatu 26 April

08:00 Connie: ndili pompano mukafuna

18:02 Twahir: chakudya chimene ndinasiya dzulo chili pomwepo. ndi zimene ndinkanena zija

Lachinayi 27 April

06:05 Bushra: [uthenga wafufutidwa]

06:31 Bushra: 🎤 1:44
ndine ndazipha. ndimathira kolorini. kuyambira tsiku lija madzi anachita mbuu, mmawa uliwonse kachitsekerero kamodzi. lolemba zisanafike ndinathira tiwiri kuti zisadzadwale. munandiuza aConnie, ndinamva bwinobwino, kma dzanja limangopita lokha. achimwene izi sindinakuuzenipo. sabata imene aHakimu anadwala, kolorini amene a zaumoyo ankagawa uja anali atatha mnyumba muno. ndinati ndikatenga mawa. mawa lake ndinatinso mawa. iwo anafika kuchokera ku ntchito ali thukuta, anatunga mndowa makapu awiri, ine ndili pomwepo ndikusenda anyezi. patatha masiku atatu tinali ku manda. kuyambira pamenepo madzi akangoima mnyumba muno ndimaona ngati akundiyang'ana. nde mundiuze kuti ndiwete tizilombo mmadzi, ine?

06:58 Twahir: chemwali

06:59 Twahir: miyezi yonseyi wasenza wekha zimenezi osandiuza?

07:22 Connie: 🎤 1:05
aBushra ndamvera kawiri, ndalira. sindikunamizani kuti si madzi amenewo, chifukwa sindikudziwa. kma nanunso simukudziwa. sabata imeneyo aHakimu anamwa madzi malo angati? ku ntchito, panjira, ku maliro kuja kwa kuntaja anakagonako masiku awiri. matenda aja anali paliponse, analowa ndi mmakomo momwe ankathira mankhwala tsiku ndi tsiku. mwadziweruza nokha popanda mboni. za kolorini mmadzi akumwa musasiye, mukuchita bwino, inenso ndimathira. kungoti pakhale ndowa ziwiri. yofiira ya anthu, ya buluu ya nsomba. botolo lizikhala ku kitchen ndi yofiirayo, pabalaza lisafike

09:10 Bushra: kwatsala masiku 21. madzi sakhwimanso. achimwene uzani wa galimoto

09:12 Twahir: pa 18 sipanafike

09:25 Connie: njira yachidule ilipo kma ndi yonyansa. siponji ya mgalasi langa yakhalamo zaka ziwiri, mudzi wonse wa tizilombo uli mmenemo. ndidula theka. mukaika mwanu sabata imodzi nsomba zitha kulowa

09:26 Connie: kma osaitsuka. ngakhale pang'ono. mukatsuka mwapha mudzi

09:40 Twahir: nde ndikanyamule matope ku chileka. ok. udzu ndinanyamula kale

Lolemba 1 May

08:15 Bushra: ndakhuthula onse, ndatsukuluza mchenga, ndathira atsopano loweruka. sindinathire kanthu. botolo lili ku kitchen

08:16 Bushra: ndapitako kanayi kukaliyang'ana

11:02 Twahir: ndafika nayo. ili mkachigubu ndi madzi ake

11:04 Connie: isaume ndipo isakhalitse, tizilomboto timafuna mpweya. pofika 2 koloko ikhale italowa

11:15 Bushra: [chithunzi: siponji yabulauni mkachigubu, madzi akuda]

11:15 Bushra: aConnie ichi?

11:16 Connie: chimenecho

11:18 Bushra: chikuterera. chikununkha ngati kumtsinje mvula ikagwa

11:19 Connie: ndi fungo la madzi amoyo limenelo

11:47 Twahir: ndati ndiike ine, manja anga anazolowera zonunkha. wakana. akuti galasi ndi la amuna ake

12:30 Twahir: ndili pakhonde. wakhala pansi, chigubu chili patsogolo pake

13:05 Connie: zili bwnj

13:06 Twahir: chimodzimodzi. benchi yanga kumsika ndasiyira mnzanga, sindichoka

13:34 Connie: aBushra mukalephera lero si mlandu. ndidzadula ina

13:51 Twahir: wadzuka

13:58 Bushra: ndaika

13:58 Bushra: ndi dzanja, osavala jumbo. mpaka mchigongono

13:59 Bushra: madzi ada bii

14:00 Connie: ayera okha. ulendo uno okha ndithu

14:09 Bushra: ndasamba mmanja ndi sopo. kamodzi

14:20 Twahir: akuti ali ndi njala. ndikukagula mbatata ndisanamve kuti wasintha maganizo

Lachinayi 4 May

16:44 Bushra: ayera okha. kma si kuyera kuja kwa poyamba. awa akuoneka ngati muli chinachake chikupuma

16:46 Bushra: udzu umodzi watulutsa katsamba katsopano, kobiriwira ngati mpunga wongomera

Lachiwiri 9 May

10:30 Twahir: zitatu zokha ulendo uno. wa njinga yakapalasa uja ndakumana nayenso, wandipatsa moni

10:33 Connie: zitatu zikwana poyambira. chakudya kamodzi patsiku, chongotsina ndi zala ziwiri. sabata iliyonse muzichotsa ndowa imodzi nkuthira ina ya buluu ija

15:10 Bushra: zili pakati. sizikuyasamula

17:30 Bushra: zikadali pakati

Lachitatu 10 May

05:52 Bushra: zitatu

Loweruka 13 May

12:40 Bushra: magetsi azima, thovu laima!!

12:42 Connie: musaope. tengani kapu, muzitunga mgalasimo nkuthiranso kuchokera mmwamba pang'ono, mphindi zingapo zilizonse. musazidyetse lero

16:55 Bushra: abwera. mkono wafa kkk

16:59 Bushra: 🎤 0:41
maola anayi ndikutunga ndi kuthira, kutunga ndi kuthira. kapu yake ndi ya aHakimu ija ya chitsulo, inali kuseri kwa kabati chiyambire january, sindimatha kuigwira. lero ndinangoitola osaganiza. ndikathira zimabwera kudzasewera pamene madzi akugwera, ina imandijompha chala. ndinapezeka ndikuziuza nkhani, za ku mdeka, za mmene tinakumanirana pa depoti. aConnie zimamudziwa mwini wake, muwayankhe aHakimu funso lawo lija

17:15 Connie: mwandiliritsanso mu minibus anthu akundiyang'ana

Lachitatu 17 May

14:10 Twahir: galimoto ndaiuza 8 koloko mawa

14:32 Bushra: zikadali zitatu achimwene

14:33 Twahir: ndidzawerenga ndekha. pa nsomba sindinamizidwa ine

14:50 Connie: aTwahir inu mtima wanu ndi mwala?

Lachinayi 18 May

07:56 Twahir: tafika. chitseko nchosakhoma, mwini wake kulibe

07:57 Twahir: chemwali uli kuti

08:03 Connie: aBushra??

08:11 Bushra: pa mjigo. ndatenga ndowa ya buluu, lero ndikutunga ndekha

08:12 Bushra: kunja kuno kukuwala bwanji. mitengo ya bwemba ija inakula liti

08:12 Bushra: mwawerenga?

08:15 Twahir: imodzi ya olenji. imodzi yamawanga. ina yabisala kuseri kwa udzu ikuganiza kuti sindikuiona

08:15 Twahir: zitatu

08:17 Bushra: nde galimotoyo

08:21 Twahir: [chithunzi: tebulo latsopano la matabwa okhuthala, pakhonde]

08:22 Twahir: inabwera ndi katundu. ndinakhometsa kwa kalipentala sabata yatha, lija likugwedera lija lingatigwetsere nsomba. tatsitsa, ikubwerera yopanda kanthu monga tinagwirizana

08:23 Connie: aTwahir!!! ndabweza mawu anga a mwala aja

08:23 Connie: kma musanyamule galasi lili ndi madzi pls dikirani ndikuuzeni kachitidwe kake

08:26 Twahir: sitingalisunthe panopa. ndabwera ndi amayi, amati akaone chimene chikukaniza mwana wawo kubwera kwa mdeka

08:27 Twahir: apeza mkeka kuseri kwa chitseko, ayala patsogolo pa galasi. chikhalireni akungoonera

08:34 Bushra: asiyeni

08:35 Bushra: ndowa yadzadza, ndikubwera. mundisungire malo pa mkekapo